Khadi la a Kaphwiti ndi Therere Loletsedwa

Anzanga a kalabu ya Chichewa, ndaupeza! Ndapeza mwambi wokhala ndi chiyambi chake chonse, mutu, thupi ndi mchira womwe. Aphunzitsi a Msukwa awerenga lero, aseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti ndine ndikauwerenge pa asembule pamaso pa sukulu yonse!

Nkhaniyi ndinaimva kwa azakhali anga a Nanyoni a ku Chirimba, akundiluka tsitsi pakhonde. Aphunzitsi akuti mwambiwu ndi wakale kuposa mabanki onse a m'dziko muno. Koma nditawaimbira azakhali kuwauza zimenezo, anangofunsa kuti, "Aphunzitsi akowo analipo? Ine ndinali kuseri kwa mpanda." Ndiye khalani pansi bwinobwino. Mwambiwo sindiutchula pano, mukumana nawo kutsogoloko. Kubadwa kwake kunali motere.

Kuseri kwa mpanda wa azakhali kunkakhala bambo wina dzina lawo a Kaphwiti, ndi akazi awo a Nagama, ndi kamwana kawo Yankho. A Kaphwiti anali kalaliki pa kampani ina yogulitsa matayala m'tauni. Malipiro sanali ochuluka, koma ankabwera mwezi ndi mwezi osaphonya. A banki ataona zimenezo anawapatsa khadi la ngongole. Khadi limeneli si lija lotapira ndalama zimene unasunga wekha, ayi. Ili ukagula chinthu, banki ndiyo imakulipirira, iwe n'kudzabweza mwezi ukatha. Ukachedwa, ngongoleyo imaswa ana, anawo n'kuswanso awo.

A Kaphwiti analikonda khadilo mpaka kulipatsa dzina. Ankalitcha "mphwanga". Firiji analipira mphwanga. Mipando ya sofa yofiira, mphwanga. Suti ya kutchalitchi, mphwanga yemweyo. Mwezi ukatha ankangobweza kachigawo kakang'ono kamene banki inkafuna, zotsalazo n'kumati, "Tidzaonera kutsogolo."

A Nagama sankadziwa kuti ndi ngongole. Iwo ankangoti ndi khadi la anthu apantchito. Ndiponso sanali mayi wodalira za m'shopu. Kuseri kwa nyumba anali ndi kadimba ka therere lobala, lobiriwira mochititsa kaso, moti pakati pa mwezi, anzawo akamadandaula za ndiwo, iwo ankangotuluka ndi kabeseni.

Tsiku lina m'mawa a Kaphwiti anafika kuntchito n'kupeza geti lokhoma ndi loko wamkulu ngati chibakera. Anzawo anali ataima panja, manja ali kunkhongo. Eni kampani anali atalongedza n'kumapita osatsanzika. Anatsala ndi mlonda yekha, nayenso akufunsa aliyense wofika kuti malipiro ake akawatenge kuti.

Pobwerera, a Kaphwiti anakonza mawu oti akanene kunyumba: "Mayi a Yankho, ntchito yatha." Anawabwereza mu minibasi. Anawabwerezanso potsika. Koma atafika, a Nagama anawachingamira, kuwalandira chikwama, kuwakhazika pa sofa yangongole, n'kuwapatsa madzi ozizira a mufiriji yangongole. A Kaphwiti anameza mawu aja pamodzi ndi madziwo.

"Zayenda bwanji kuntchito, bambo a Yankho?"

"Bwino kwambiri," anatero a Kaphwiti.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankavala malaya ositidwa, kumanga tayi, kunyamula chikwama, n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, pamene amuna amasewera bawo. Ankayesa ndithu kufunsira ntchito uku ndi uku, koma paliponse yankho linali lakuti, "Siyani nambala, tidzakuimbirani." Woimba anapezeka, koma sanali wa ntchito.

"Halo, ndikulankhula ndi a Kaphwiti?" Anali mawu a mayi, odekha, aulemu.

"Zitengera kuti inuyo ndinu ndani."

"Ndikuimba kuchokera ku banki, bambo. Mwezi wathawu sitinalandire kalikonse pa khadi lanu. Kodi pali vuto?"

"Vuto? Ayi. Mwina ndi netiweki."

"Bambo, ngati zinthu zasintha kumbali yanu, bwerani tidzakhale pansi. Tikhoza kugwirizana kuti muzibweza pang'onopang'ono, ngongoleyi isapitirire kukula."

"Halo? Halo? Simukumveka! Ndili m'chigwa!"

Anadula foni thukuta lili kamukamu. Mawu akuti "bwerani tidzakhale pansi" ndiwo anawaopsa kuposa onse. Mumtima anati, "Nkhuku amaiitana ndi chimanga, mpeni uli kumbuyo. Ndikangolowa mubankimo atseka chitseko."

Mtendere unathera pomwepo. Galimoto ikaima pafupi ndi nyumba, ankasuzumira pakatani kuti mwina ndi olanda katundu. Munthu wovala tayi akawayang'ana mumsewu, ankawolokera tsidya lina. Chowaopsa kwenikweni sichinali firiji kapena sofa. Chinali choti a Nagama adzadziwe kuti ntchito kulibe, ndipo zonse zowala m'nyumbamo ndi za eni.

Pabawo paja pankabwera dobadoba wina dzina lake Sikelo, wodziwa wogulitsa chilichonse mumzinda. Tsiku lina anawayang'ana a Kaphwiti kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Akulu, tayi yanu ikunena kuti muli pantchito, koma nkhope ikunena kuti muli pamaliro. Chavuta n'chiyani?"

A Kaphwiti anamukokera pambali n'kumunong'oneza zonse.

"Basi? Ngongole ya kubanki?" Sikelo anaseka. "Kanthu kakang'ono ako! Kuseri kwa phiri uko kuli Dokotala Kazimitsa. Amene uja amazimitsa milandu ya kukhoti, fayilo n'kusowa woweruza akuiyang'ana chonchi. Ndiye kompyuta ya banki ingamukanike? Konzani ya dokotala, ndi kanga ka sopo."

M'thumba mwa a Kaphwiti munalibe ngakhale ya minibasi yobwerera. Anapita pamakina otapira ndalama, n'kutapa ndi khadi lomwe lija.

Ine apa ndinatembenuka. "Azakhali, anatenga ngongole kuti akazimitse ngongole?"

Anandibweza mutu ndi chipeso. "Khala bwino, mzere ukhota. Sunamve kanthu."

Dokotala Kazimitsa anali wovala khoti loyera ngati wa kuchipatala, mikanda ili m'khosi. Analandira khadilo, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kulinunkhiza, n'kuliyesa kulemera kwake padzanja.

"Iii, lalemera," anatero. "Mwachedwa, bambo. Koma mwafika pa eni ake."

Analiviika m'chikho cha mizu, kulipaka mafuta a nsatsi, kulilavulira pang'ono, n'kulipukuta ndi mchira wa nyama yosadziwika.

"Tsopano mverani. Nambala ya foni imene amakuimbiraniyo mukaitaye m'chimbudzi. Imeneyo ndiyo njira imene akukulondolerani."

"Ndamva, adokotala."

"Khadili lizilowa m'makina a m'shopu tsiku ndi tsiku. Osadumphitsa."

A Kaphwiti anakanda m'mutu. "Pepani adokotala, koma likalowa m'makina, ngongole imakwera."

"Bambo, mwana akadwala, mankhwala mumamwa ndinu?"

"Ayi."

"Apa wofunika mankhwala ndani? Ndi kompyuta ya kubanki. Imwa bwanji ngati simukuimwetsa? Khadili ndi sipuni. Mukalilowetsa, yamwa. Mukalilowetsanso, yamwanso. Ikadzakhuta idzaiwala dzina lanu, ngongole yonse n'kufufutika ngati choko pabolodi."

A Kaphwiti anaona kuti mawuwo ndi anzeru zakuya.

"Koma chachikulu ndi ichi," anatero Kazimitsa, akutsitsa mawu. "Therere. Mukudziwa nokha kuti therere limasukulutsa mankhwala. Lisalowe m'kamwa mwanu. Lisalowe m'nyumba mwanu. Ngakhale fungo lake lisakupezeni. Mukalakwitsa pamenepo, musadzabwere kuno kudzandilirira."

Anzanga, tangoganizani zimene anapeza atafika kunyumba! A Nagama ali pakhonde, miyendo atatambasula, akudula therere m'beseni.

"Tayani!" anakuwa a Kaphwiti ali pageti, mpango uli pamphuno.

"Nditaye chiyani?"

"Chimenecho! Chitulutseni kunja kwa mpanda!"

"Bambo a Yankho, mwadutsira kumowa? Therere lomweli munanyambita nalo zala dzulodzuloli, mpaka kupempha lowonjezera."

Zoona a Kaphwiti sakanatha kuzinena, choncho bodza linadzitulukira lokha.

"Andikweza pantchito."

Mpeni unagwa m'manja mwa a Nagama. "Mwati chiyani?"

"Ndine manijala tsopano. Inu munamuonapo manijala akudya therere? Nanga likatsetserekera patayi, anthu pamsonkhano aziti chiyani? Kuyambira lero m'nyumba muno ndi nyama basi."

A Nagama anaimba nthungululu mpaka agalu a m'dera lonselo anayankha. M'mawa mwake a Kaphwiti anazula kadimba konse, atamanga majumbo m'manja kuti asalikhudze. A Nagama anatola therere lonse n'kuliponyera kuseri kwa mpanda.

"Anzanga a Nanyoni, tolani uko! Ife kuno tasamuka, tili kunyama!"

Azakhali akuti anatola ndi manja awiri, osafunsa zambiri.

Ndiye moyo watsopano unayamba. Madzulo aliwonse a Kaphwiti ankafika ndi jumbo: lero nkhuku, mawa soseji, mkuja chambo, kenako chiwindi. Popeza magetsi ankangozimazima, ndiwo ankagula za tsiku lomwelo, ndipo zimenezi zinkagwirizana bwino ndi lamulo la dokotala. A Nagama masaya anayamba kuwala. Yankho anachita kunenepa mpaka makwinya m'khosi. Koma a Kaphwiti ankangoonda. Nthuli iliyonse ankaimva ikutsika kukhosi pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Lamba anamuboola bowo latsopano ndi msomali.

"Umanijalawu ukukumalizani," anatero a Nagama tsiku lina, akuwawonjezera msuzi.

"Ndi maganizo a kampani. Ukakhala pamwamba mphepo imachuluka."

Pabawo, Sikelo anawafunsa, "Akulu, a banki akuimbabe?"

"Ayi. Kuli zii."

"Mwaona? Kompyuta yayamba kuwodzera."

A Kaphwiti anagwedeza mutu mokhutira. Zoti nambala anaitaya okha m'chimbudzi sizinawabwerere m'mutu.

Komabe mtima sunakhale pansi. Akafika patilu n'kulowetsa khadi, ankagwira mpweya mpaka kapepala katatuluka. Ndipo panabuka vuto lina: azakhali anali ndi therere lambiri, la a Nagama lija, ndipo ankaliphika pafupifupi tsiku lililonse. Fungo likadumpha mpanda, a Kaphwiti ankathamanga kutseka mawindo onse dzuwa likuswa mtengo, khadi atalikulunga m'sokosi n'kulibisa pansi pa pilo.

"Mukutiphika amoyo, bambo a Yankho!"

"Ndi chimfine. Mamanijala timadwala msanga."

Kenako tsiku lina a Nagama anabwera akumwetulira ngati munthu wobisa mphatso kumbuyo.

"Ndawaimbira abambo ndi amayi ku Ntcheu. Ndawauza za kukwezedwa kwanu. Akubwera Loweruka kuti adzaone ndi maso awo."

Fupa la nkhuku linatsala pang'ono kuwatsamwa a Kaphwiti. "Loweruka liti?"

"Lomwe lino. Ndawauza kuti asadye kalikonse ponyamuka, adzadyera kuno. Adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa."

Loweruka masana alendo anafika. Kutsogolo kunali a Gama, bambo a Nagama, wamtali, wa jekete ndi chipewa, wosalankhula zambiri. Kumbuyo kwawo apongozi aakazi, dengu lili pamutu lovundikira ndi chitenje. A Kaphwiti anachita monga mkamwini woleredwa bwino: ananjuta chapatali, kuwomba m'manja, maso ali pansi. Paja mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, ndipo akafuna kuwauza kanthu amadzera kwa mkazi wake.

Apongozi anatula dengu pabwalo n'kuyamba kutulutsa. "Takutengerani tizakumudzi. Ufa uwu. Mtedza uwu. Ndipo aka," anakweza kampukutu ka pepala, "ndi therere louma, lopera kale. Paja akamwini athu amalikonda. Ndilowe nalo kukhitchini."

A Kaphwiti anaganiza mofulumira. Kuwaletsa apongozi kulowa m'nyumba, sizitheka. Kuwalanda kampukutuko, ndi mlandu wa ankhoswe. Kuimirira n'kuwatsekereza, ndi mwano. Ndiye anayamba kuyenda chonjuta ngati bakha, akuwombabe m'manja, nkhope atalozetsa kumbali, mpaka anakafika pakhomo n'kudzaza chitseko chonse.

"Mayi a Yankho," anatero, "auzeni amayi kuti kunja kuno kukuwomba kamphepo kabwino."

Apongozi anapatukira kumanja. A Kaphwiti anasendera kumanja. Anapatukira kumanzere. Bakha uja anasenderanso kumanzere.

"Kodi akamwini miyendo ili bwino?" anafunsa a Gama.

A Nagama anaganiza kuti nkhani ndi ya umanijala. Anathamanga n'kulanda kampukutuko. "Amayi, mutichititsa manyazi. Kuno ndi kwa a manijala, zimenezi tinasiya. Lero mudya nkhuku ya m'shopu, yonona." Anapita kumpanda. "A Nanyoni! Landirani linanso ili!"

"Iii, mwanawe," anadandaula apongozi, "ndinapera ndekha limenelo, mpaka msana."

"Musadandaule amayi. Bambo a Yankho, thamangani mukagule nkhuku ndi nyama ya mbuzi. Ine ndiyambiretu kukazinga anyezi."

A Gama anakonza chipewa. "Ndipita nawo. Ndikaone kakhadi kotchukako, kogula zinthu popanda ndalama."

M'shopu yaikulu ija, a Kaphwiti anakankha ngolo, a Gama akuyenda pambali manja ali kumbuyo. Nkhuku zinalowa. Mwendo wa mbuzi unalowa. Mpunga, mafuta, zakumwa za m'mabotolo.

"Akamwini, shuga uyu angakondweretse amayi anu."

"Ikani, bambo."

"Nanga nsapato za mphira izi? Kudimba kuli matope."

"Ikani, bambo." Mumtima ankati sipuni ya lero ndi yaikulu, mwina kompyuta ikhutira pomwepa.

Anafika patilu. Mtsikana wogulitsa anawerengera zonse, a Kaphwiti n'kupereka khadi ndi manja awiri. Linalowa. Anadina manambala awo achinsinsi. Anagwira mpweya. Makina anaganiza. Anaganizabe. Kenako analira kamodzi, kulira kwachilendo.

"Lakana, bambo."

"Silingakane. Yesaninso."

Analipukuta pathalauza, kuliuzira mpweya, n'kulibweza.

"Lakananso."

Kumbuyo mzere unali utatalika. "Atsogoleri, enafe tasiya ana kunyumba!" anakuwa mayi wina. Mnyamata wina anawonjezera, "Ngati zavuta bwezani mbuziyo, madala, mutenge bonya!"

A Kaphwiti sanamve chilichonse. Ananunkhiza khadi. Ananunkhiza zala zawo. Ananunkhiza tayi. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, kuwerama, n'kununkhiza mkono wa jekete la apongozi awo.

A Gama anabwerera m'mbuyo. "Akamwini, mukutani?"

"Pepani bambo. M'basi muja, dengu lija munalinyamulako?"

"Ndinalikhazika pamiyendo kuchokera ku Ntcheu. Bwanji?"

"Mayo ine!" A Kaphwiti anagwira mutu pakati pa shopu. "Therere! Mwasukulutsa! Kompyuta yadzuka!"

Mtsikana wa patilu anayang'ana makina ake, n'kuyang'ana a Kaphwiti.

"Bambo, za therere ine sindikuzidziwa. Apa akungoti khadi lafika pamalire, ndipo a banki alitseka. Mukaonane nawo."

"Malire a chiyani, mwanangu?" anafunsa a Gama.

"A ngongole, agogo. Ili ndi khadi la ngongole."

A Gama anayang'ana ngolo yodzaza ija. Anayang'ana mkamwini wawo. Anatulutsa nsapato za mphira n'kukazibweza okha pamene anazitenga. Ya minibasi yobwerera analipira ndi iwo.

Kunyumba, a Nagama anali atakazinga anyezi ndi tomato, poto ali chire kudikira nkhuku. Apongozi aakazi anali atagona pamphasa pakhonde, njala itawafooketsa. Azakhali akuti iwo anali kuseri kwa mpanda akuyanika zovala, ndipo mpanda wa udzu susunga chinsinsi.

"Katundu ali kuti?" anafunsa a Nagama. "Akubwera pagalimoto ya kampani?"

A Gama anakhala pampando wa pakhonde, kuvula chipewa, n'kuloza m'nyumba ndi chibwano.

"Akamwini, mipando yofiira iyo ndi ya yani?"

A Kaphwiti anagwada. "Ya banki, bambo."

"Firiji?"

"Ya banki."

"Nanga nyama imene mwana wanga wanenepa nayoyi?"

"Ya banki, bambo. Ndi chiwongoladzanja."

"Umanijala?"

"Kulibe."

"Ukalaliki uja?"

"Nawonso kulibe. Kampani inatseka kalekale."

Ndipo zonse zinakhuthuka: geti lokhoma, bawo, mayi wa kubanki, Sikelo, Dokotala Kazimitsa, sipuni ya kompyuta, nambala ya m'chimbudzi. Apongozi aakazi anadzuka pamphasa n'kukhala tsonga, njala ataiwala.

A Nagama anaima chilili, chipande chili m'manja. "Ndiye kuti m'mawa uliwonse ndimadzuka kukoleza makala, kukusitirani malaya, kuti mukasewere bawo?"

"Ndinkafunsiranso ntchito, mayi a Yankho."

"Ndi kadimba kanga munazula ndi majumbo m'manja kaja, chifukwa cha kompyuta?"

"Ndinkaopa."

"Kuopa ndani?"

"Inuyo. Kuti mukadziwa mudzandiona wachabechabe."

"Ine? Ine amene munandikwatira muli ndi mphasa imodzi ndi wailesi yopanda mabatire? Ndinathawa nthawi imeneyo? Mukanangonena tsiku lomwelo, bwenzi nditakulitsa dimba, tikugulitsa pamsika, tikubweza pang'onopang'ono. M'malo mwake mwatidyetsa ngongole yokazinga, ife n'kumanyambita zala!"

Misozi ya a Kaphwiti inadontha patayi.

A Gama anatsokomola. "Zamveka. Akamwini, dzukani, thalauza likuda. Lolemba m'mawa tivala majekete, ine ndi inu, tikakhale pansi ndi mayi wa kubanki uja. Mukanene zoona zokhazokha, mukamve zimene angakuchitireni. Firiji ndi mipando zipeze eni ake ena. Khadilo mulidule ndi sizasi, ine ndikuona. Chilonda chobisa m'thalauza sichipola."

"Zikomo, bambo."

"Koma zimenezo ndi za Lolemba." Anagwira pamimba. "Ife tanyamuka kumudzi osalawa kanthu, chifukwa tinauzidwa kuti tisadye. Lero tidya chiyani?"

Onse anayang'ana a Nagama. Iwo anayika chipande pansi, kukonza chitenje, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumpanda. Mawu amene anatuluka sanali aja a "tasamuka, tili kunyama". Anali aang'ono, onong'ona.

"A Nanyoni. Anzanga. Lija ndinakuponyerani masana lija, latsalako?"

Apa azakhali anasiya kuluka, akuseka mpaka kutsamira khoma. Akuti tsikulo kunyumba kwawo kunali amayi a kwaya, ndipo therere la ku Ntcheu lija analiphika lonse. Anakasuzumira m'poto, n'kupeza mwapukutidwa mpaka mukuwala.

"Pepani anzanga," anayankha azakhali. "Latha. Koma muwathokoze amayi, linali lokoma zedi."

A Nagama anatembenuka. Anayang'ana pamene panali kadimba, pali dothi lokhalokha. Anayang'ana kukhitchini, kumene anyezi uja anali atayamba kununkha chopserera. Anayang'ana makolo awo, milomo itauma. Kenako anakhala pansi, kutambasula miyendo, dzanja patsaya, n'kutulutsa mawu amene azakhali akuti anadumpha mpanda tsiku lomwelo, kukwera minibasi, kufika pamsika, mpaka kudzalowa m'mabuku athu a Chichewa:

"Ndikanadziwa, ndikanaphika therere."